Digiri ya zofalitsa nkhani izitha kulankhula ndi agogo a ku Jali

Mwana wa mchemwali wanga anafika kwathu ku Matawale Loweruka lina m'mawa, foni kumanja, envulopu ya zotsatira za MSCE kukhwapa. Anakhoza bwino ndithu, mapointi ake ndi oti mayi ake akuwalengezabe kutchalitchi. Titakhala pakhonde, tiyi asanazizire n'komwe, anayamba kundionetsa pafoni mndandanda wa maphunziro a m'mayunivesite aboma umene bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede la NCHE limatulutsa.

"Malume, inu munagwirapo ntchito pawailesi. Ndiyambe kulemba iti? Media for Development, Communication and Cultural Studies, kapena ndingopita ku Blantyre kukachita Journalism?"

Ndinamufunsa chimene akufuna kudzachita akadzamaliza. Anati akufuna azidzaoneka pakanema akuwerenga nkhani. Sindinamuseke, pakuti ifenso tinalowa ntchitoyi chifukwa chosirira mawu a anthu amene tinkawamva pa MBC tili ana. Ndinangomupempha chinthu chimodzi: "Tayerekeza kuti pampando apa pakhala agogo ako a ku Jali. Uwafotokozere kuti kugwa kwa kwacha n'chiyani." Anayamba bwino, "Agogo, ndalama yathuyi...", koma asanamalize chiganizo chachiwiri anali atalumphira kale m'Chingerezi. Anaima, n'kuseka, n'kunena kuti, "Aa malume, zimenezo m'Chichewa sizitheka."

Zimatheka. Ndipo maganizo anga ndi akuti digiri iliyonse ya zofalitsa nkhani m'dziko muno, kaya dzina lake n'lokoma bwanji, ngati mwana akuimaliza akukhulupirirabe kuti "sizitheka", ndiye kuti yamumana chida chachikulu cha ntchito yake.

Tiyambe tanena zimene zilipo, chifukwa makolo ambiri mayinawa amawasokoneza. Kuno ku Zomba, ku Chirunga, kuli University of Malawi, imene ambirife timaitchulabe kuti Chanco ngakhale kuti makoleji anagawikana mu 2021. Kumeneko kuli Media for Development, imene mizu yake ili ku mbali ya zaluso ndi zisudzo, ndipo imaphunzitsa kugwiritsa ntchito wailesi, kanema ndi masewero pothandiza anthu kukambirana za chitukuko chawo. Kulinso Communication and Cultural Studies, imene imazama pa mmene uthenga umayendera pakati pa anthu, mabungwe ndi chikhalidwe. Digiri yotchedwa dzina la utolankhani lenilenilo ili ku MUBAS, Poly yakale ija ku Chichiri, komwenso kuli Business Communication. Ku Mzuni, yunivesite ya ku Mzuzu, kuli Communication Studies. Amene sanapeze malo kumeneku ambiri amadzera ku MIJ, sukulu ya utolankhani ya ku Blantyre yomwe ilinso ndi wailesi yake, kapena ku makoleji omwe si aboma. Kusiyana kwa maphunzirowa kulipo ndithu, ndipo mwana ayenera kuwerenga zimene zili m'kati mwa dzinalo asanasankhe. Koma akatuluka, onsewa amakakumana pamzere umodzi wofunsira ntchito, ndipo mkonzi wa nkhani sataya nthawi ndi dzina la pepala. Amakupatsa chikalata cha unduna, n'kukuuza kuti pofika 11 koloko akufuna nkhani ya mphindi imodzi ndi theka, m'Chingerezi ndi m'Chichewa.

Nanga ntchitozo zili kuti? Nyumba zikuluzikulu zoulutsa ndi kusindikiza nkhani n'zowerengeka: MBC, Times, Nation, Zodiak ndi zina zochepa. Sizingameze ana onse amene amavala mikanjo ku Great Hall chaka ndi chaka. Otsalawo amapita ku mawailesi a m'madera ndi a mipingo, ku mabungwe omwe si aboma, ku makhonsolo, ku maunduna, ena amakakhala aneneri a makampani. Taonani mndandanda umenewu bwinobwino. Pafupifupi ntchito zonsezi, womvera wake ndi munthu wa kumudzi. Kalembera wa 2018, amene ofesi yake yaikulu ili konkuno ku Zomba, anapeza kuti tinali anthu 17.5 miliyoni, ndipo pa anthu 10 alionse, oposa 8 amakhala kumudzi. Amenewo ndiwo eni wailesi. Ndiwo amaimba foni pa mapologalamu, ndiwo amafuna kudziwa za feteleza wotsika mtengo, za katemera, za mtengo wa nandolo.

Tsono taonani njira imene mwana amadutsa. Kuti alowe ku yunivesite ayenera kukhoza bwino Chingerezi pa MSCE. Akalowa, aphunzitsi amaphunzitsa m'Chingerezi, mabuku ndi a Chingerezi, mayeso ndi a Chingerezi, kafukufuku wa chaka chomaliza amalemba m'Chingerezi. Zaka zinayi zathunthu akunola mpeni umodzi. Chichewa chimatsala cha pogula tomato ku Chikanda, dera limene ophunzira ambiri a ku Chanco amakhala, cha nthabwala za kuhositelo, ndi chopemphera ndalama kwa makolo. Kwa wophunzira za sayansi ya mankhwala kapena zamalamulo mwina tingamvetse. Koma kwa munthu amene ntchito yake ndi kulankhula ndi anthu, zili ngati kuphunzitsa mlimi kuyendetsa thirakitala kenako n'kumupatsa munda wa m'phiri la Malosa womwe umafuna khasu.

Ndinaona ndi maso anga mmene zimathera. Pa wailesi ina imene ndinkagwirako ntchito kunabwera mnyamata wa digiri yake yabwino, wanzeru, waulemu, Chingerezi chake chosalala ngati cha m'buku. Tinapita naye ku doko la Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, kukajambula pologalamu ya asodzi. Anapeza bambo wina akusoka ukonde, n'kumulozetsa maikolofoni kukamwa, n'kuwerenga funso limene analikonzeratu usiku: "Kodi inu ngati msodzi, ndi mavuto anji amene mukukumana nawo pa nkhani ya kusintha kwa nyengo?" Bamboyo anayang'ana maikolofoni, anayang'ana nsapato za mnyamatayo, n'kuyankha kuti, "Mavuto alipo ambiri. Boma litiganizire." Basi. Mnyamatayo anafunsa asodzi anayi, ndipo onse anayi anamupatsa yankho lomwelo, ngati anapangana.

Dalaivala wathu, munthu amene sukulu anaisiyira Fomu 2, anali atakhala pamphepete pa bwato akutafuna nzimbe. Anatola katemba kamodzi pa thandala n'kunena kuti, "Koma achimwene, matemba a chaka chino achepa thupi bwanji? Akudwala?" Bambo uja anaika ukonde pansi. Analankhula pafupifupi theka la ola: za mmene nyanja inaumira mu 1995, anthu n'kumayenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi; za mmene inaphweranso mu 2012; za anzake ogona m'zimbowera, timisasa toyandama pamadzi, pakati pa mabango; za anthu ophera nsomba masikito amene analandira kuchipatala; za mlamba umene umabisala m'matope madzi akatha. Pologalamu yonse inachokera pa funso la dalaivala. Mnyamata uja sanali wopusa ayi. Funso lake linali la m'kalasi, loganiziridwa m'Chingerezi n'kuvekedwa malaya a Chichewa, ndipo msodzi analizindikira kuti ndi funso la anthu a mabungwe, n'kulipatsa yankho limene anthu a mabungwe amapatsidwa.

Ndikudziwa zimene ena anene, chifukwa ndakhala ndikukangana nawo m'malo omwera tiyi m'tauni muno. Choyamba amati Chichewa aliyense amachidziwa, n'kuchiphunziriranji ku yunivesite? Yankho langa n'lakuti mwana wa ku London nayenso Chingerezi amayamwira, koma akafuna utolankhani amamuphunzitsabe kulemba. Kudziwa kulankhula ndi kwina, kudziwa kumanga nkhani ndi kwina. Tcherani khutu ku nkhani za Chichewa pa mawailesi athu ena madzulo ano. Mumva zoti akuluakulu "abwera ndi njira", kuti "pamapeto pa tsiku" zinthu zikhala bwino, kuti wakuti "watenga malo achiwiri", kuti msonkhano "watenga malo" kuhotela yakuti. Mawu onsewo ndi a Chichewa, koma mafupa ake ndi a Chingerezi. Agogo akumva amangogwedeza mutu, n'kudikira uthenga wa maliro umene umanenedwa m'chinenero chomveka. Za kalembedwe ndiye musanene: munthu wa digiri kulephera kusiyanitsa "mbale" ndi "m'bale", kapena kulemba "kuti" modula zilembo ngati akulemba uthenga wa pafoni, pa chikwangwani cha bungwe chimene chawononga ndalama zankhaninkhani.

Chomvetsa chisoni n'chakuti akatswiri a zimenezi ali pompano. Bungwe la Centre for Language Studies, limene linalowa m'malo mwa Chichewa Board ya mu 1972 ija, lili ku Zomba konkuno pansi pa yunivesite yomweyi, ndipo ndilo linatulutsa mtanthauziramawu wa Chinyanja. Ku Chirunga kulinso aphunzitsi a zinenero za mu Africa. Nzeru zilipo, mtunda wake ndi wa kabaza. Chofunika n'chakuti mwana wa zofalitsa nkhani asamalize sukulu asanadutse m'manja mwawo, ndipo kudutsako kusakhale kwa amene wafuna yekha.

Chachiwiri amati Chingerezi ndicho chimadyetsa. Apa sinditsutsa. Malamulo a dziko lino amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Ndondomeko ya zachuma imawerengedwa m'Chingerezi. Zigamulo za makhothi zimalembedwa m'Chingerezi. Amene amapereka ndalama ku mabungwe amafuna malipoti a Chingerezi. Mwana wopanda Chingerezi chabwino pa ntchitoyi adzavutika, ndipo ndikanakhala mphunzitsi sindikanachotsako ngakhale ola limodzi. Koma mfundo imeneyi ikuthandiza ine, osati onditsutsa. Ngati zonse zolamulira moyo wa munthu wa ku Thondwe zimalembedwa m'chinenero chimene iye sachimva bwino, ndiye kuti mtolankhani ndiye mlatho wokhawo umene ali nawo. Mlatho womangidwa tsidya limodzi lokha suolotsa munthu.

Palinso china chimene ndinachiphunzira mochedwa. Kumasulira nkhani m'Chichewa kumaulula ngati waimvetsa kapena ayi. M'Chingerezi ukhoza kubisala: umangokopera mawu a m'chikalata, n'kuwasanja bwino, aliyense n'kuganiza kuti ukudziwa. M'Chichewa mulibe pobisala. Titenge za mu Novembala 2023, pamene banki yaikulu ya dziko lino inasintha mtengo wa dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tonse tinalengeza kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Tsono yesani kuwauza agogo. Mukawauza kuti ndalama yawo yatha mphamvu pafupifupi theka, mwawanamiza pang'ono. Chimene chinakwera ndi 44 pa 100 ndi mtengo wa dola. Kwachayo ikayezedwa ndi dola inataya pafupifupi 30 pa 100. Ndipo chimene agogo akufuna kumva si zimenezo n'komwe. Akufuna kudziwa chifukwa chake thumba la feteleza, limene limagulidwa kunja ndi dola, likwere, pamene nandolo wawo wogula akumugulabe pa mtengo wakale. Kuti ufike pamenepo uyenera kudziwa masamu, kudziwa zachuma pang'ono, ndi kudziwa moyo wa agogowo. Chiganizo chimodzi cha Chichewa chomveka chimafuna zonsezo.

N'chifukwa chake ndimauza ana amene amandifunsa kuti luso la kamera ndi maikolofoni lokha silikwanira. Kujambula ndi kudula mawu pa kompyuta munthu amaphunzira miyezi yochepa, ndipo mapologalamu ake amasintha chaka chilichonse. Chovuta ndi kukhala ndi kanthu konena. Amene ali ndi mwayi wosankha maphunziro oonjezera asankhe chinthu chimodzi choti achidziwe mozama: zachuma, zaulimi, zaumoyo, zamalamulo, mbiri ya dziko. Ndipo wophunzira wa ku Zomba alibe chowiringula. Nyumba yosungira zikalata zakale za boma ili pompano, ofesi ya kalembera ili pompano, khothi lalikulu, chipatala chachikulu, ndende, msika, nyanja imene imauma n'kubwerera, zonse zili pafupi. Mzinda uno unali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo mapepala ake sanasamuke onse. Koma mwana amatha zaka zinayi njira yake ili ya Chikanda, kalasi, Chikanda.

Chachitatu ndi chimene ndimachilemekeza kwambiri. Mnzanga wina wa kumpoto anandifunsa kuti, "Iwe ukuti Chichewa, nanga ife?" Ali ndi chifukwa chofunsira. Mu 1968 Chichewa chinakwezedwa kukhala chinenero cha dziko pambali pa Chingerezi, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi. Zinenero zina zinadzabwerera pa MBC ulamuliro wa zipani zambiri utayamba mu 1994. Bala limenelo silinapole kwa ena, ndipo sindikufuna kuti yunivesite ilitsegulenso. Ndikamati Chichewa ndikunena chinenero chimene ine ndimagwirira ntchito, koma lamulo likhale lakuti wophunzira aonetse luso m'chinenero chimodzi cha kuno kwathu chimene wasankha. Ngakhale ku Zomba konkuno, pita ku Songani kapena ku Domasi tsiku la msika, umva Chiyao chili pikitipikiti. Pita chakum'mawa, ukumana ndi Alomwe. Mtolankhani amene angapereke moni ndi kufunsa mafunso m'Chiyao ku Malosa amabwerako ndi nkhani imene mnzake sangaipeze.

Achinyamata nawo ali ndi mtsutso wawo. Amati malume, wailesi ndi ya makedzana, dziko lili pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp. Chabwino. Tsegulani WhatsApp yanuyo, mumvere mauthenga a mawu amene amazungulira m'magulu a kumudzi kwanu. Ali m'chinenero chanji? Mphekesera za anamapopa zimene zinayambira ku Mulanje mu 2017, n'kuphetsa anthu osalakwa, sizinayende m'Chingerezi. Mabodza a katemera wa Covid-19 sanayende m'Chingerezi. Bodza kuno limayenda m'Chichewa chokoma, chokhala ndi mchere, lonenedwa ndi munthu amene akumveka ngati mnansi wako. Kutsutsa kwake kumabwera patatha masiku atatu, pa chikalata cha Chingerezi chokhala ndi chidindo ndi siginecha. Ndani angapambane mpikisano wotero? Intaneti sinachepetse kufunika kwa zinenero zathu, yachita kukuonjezera.

Ndimaganizanso za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anapha anthu mazanamazana kuno kummwera. Sindikunena kuti chinenero ndicho chinapha anthu. Amene nyumba yake ili m'mphepete mwa phiri chifukwa cha umphawi, ngakhale umuchenjeze bwanji alibe kothawira. Koma aliyense amene anagwirapo ntchito yochenjeza anthu akudziwa kusiyana kwa kunena kuti kugwa mvula ya mamilimita akutiakuti ndi kunena kuti, "Inu a m'mbali mwa Likangala, usiku uno musagone m'nyumba, madzi afika pamene sanafikepo." Chiganizo choyamba n'cha katswiri wa zanyengo, ndipo n'cholondola. Chachiwiri ndi ntchito ya mwana amene tikumulipirira fizi zaka zinayi.

Zimene ndikupemphazi si zachilendo ku Chirunga. M'zaka za m'ma 1980 gulu la zisudzo la pakolejipo, Travelling Theatre, linkapita m'midzi kukachita masewero m'Chichewa, anthu a m'mudzi n'kumalowerera m'seweromo kukambirana za zitsime, zimbudzi ndi matenda. Maphunziro a Media for Development ndi mdzukulu wa mwambo umenewo. Lero yunivesiteyi ili ndi wailesi ndi kanema wake, ndipo mumzinda muno mulinso wailesi ya YONECO. Zipangizo zoyambira zilipo. Chimene ndingakonde kuona m'masukulu onse ophunzitsa ntchitoyi n'chakuti chaka chilichonse wophunzira azipanga ntchito imodzi yaikulu m'chinenero cha kuno, yopatsidwa malikisi ofanana ndi ya Chingerezi. Azikakhala teremu yathunthu pa wailesi ya m'dera, osati masabata awiri ongopanga tiyi muofesi ya mumzinda. Ndipo pologalamu yake yomaliza izikaseweredwa pamaso pa kalabu yomvera wailesi ya kumudzi, anthuwo anene zimene amvapo. Akanena zosiyana ndi zimene iye amafuna kunena, abwerere akakonzenso. Mayeso oposa amenewo sindikuwadziwa, ndipo mtengo wake ndi wa minibasi yopita ku Jali.

Kwa makolo amene akugulitsa mbuzi ndi chimanga kuti mwana achite maphunzirowa, makamaka ku makoleji olipira okha, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Musakopeke ndi chithunzi cha mtsikana wovala suti atagwira maikolofoni. Funsani ngati maphunzirowo ndi ovomerezeka ndi NCHE. Pemphani kuona situdiyo, muone ngati makina ake akuyaka. Funsani kuti makamera alipo angati pa ana angati, ndiponso ngati mwa aphunzitsiwo alipo amene analembapo nkhani nthawi ikumuthamangitsa. Kenako funsani funso langa lija: mwana wanga adzaphunzira kugwira ntchitoyi m'chinenero cha kwathu? Akakuyankhani moseka, ndalama zanu muziganizire kawiri.

Mphwanga uja pomaliza analemba Media for Development poyamba, Journalism pachiwiri. Sindinamusankhire, ndinangomuuza kuti kulikonse kumene angamutenge, ngongole yanga ya pakhonde ija idakalipo. Patatha sabata ziwiri ananditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp kuchokera ku Jali. Kumbuyo kukumveka nkhuku ndi mtondo. Anawafotokozera agogo ake za kwacha pogwiritsa ntchito mbale ya chimanga yosinthanitsa ndi mchere: dzulo mbale imodzi mchere wodzaza chikho, lero mwini mchere akuti onjezerani theka la mbale. Anachita bwino, Chingerezi chinangomupulumuka kawiri. Mayi anga anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti, "Nanga mwini mchereyo ndani, ndipo anamuuza ndani kuti akweze?"

Panali zii kwa kanthawi. Kenako mawu a mwanayo, chapansipansi: "Malume, mundiimbire. Apa ndiye andigwira."